Zikomo kwa aphunzitsi ndi ophunzira a ku Bunda

Ife a komiti ya kalabu ya alimi kuno ku Mitundu tikuthokoza pagulu aphunzitsi ndi ophunzira a ku Bunda, ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, amene adagwira nafe ntchito yosamala zokolola. Ng'amba ya 2024, imene idachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, idasiya nkhokwe zopanda kanthu, ndipo ndowa iliyonse yodyedwa ndi anankafumbwe idali nsima yolandidwa pakamwa pa ana. Mabanja amene adatsata malangizo afika February chimanga chawo chili chosafumbwa.

Chachikulu chimene adatikonzera ndi kaumitsidwe. Chimanga chiyenera kutsala ndi chinyezi cha 13 peresenti kapena kucheperapo, koma makina oyezera ndi ochepa kumudzi. Njira ya mchere ndi iyi: umitsani kaye mchere padzuwa, tengani botolo lagalasi louma, thiranimo chimanga gawo limodzi mwa magawo atatu, onjezani masipuni awiri kapena atatu a mcherewo, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, ndipo dikirani mphindi 15. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Ambiri amaphonya pa mchere womwewo: ukakhala wonyowa kale umamata ngakhale chimanga chili chouma. Yanikani pa lona kapena pamphasa, osati padothi, chifukwa dothi limabweretsa chuku.

Kenako matumba a PICS, amene adapangidwa ku Purdue University ku America. Ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja, ndipo safuna mankhwala: tizilombo timafa chifukwa mpweya umatha. Choncho kabowo kamodzi kamaononga ntchito yonse. Musanathire chimanga, fufumitsani pulasitiki iliyonse ndi mpweya kuti muone ngati ikutuluka mphepo. Petani chimanga bwino, zitsononkho zimaboola. Finyani mpweya wotsala, potani kukamwa, mangani thumba lililonse palokha, osati onse atatu ndi chingwe chimodzi. Ikani pathandala, kutali pang'ono ndi khoma, makoswe asapeze pobisala. Chimanga chakudya sabata ino chikhale padera, chifukwa thumba lotsegulidwa tsiku ndi tsiku silisiyana ndi saka wamba.

Pa mtedza mawu awo adali achidule: osawaza madzi kuti makoko afewe posenda. Chinyezicho n'chimene chimadzutsa chuku chokhala ndi poizoni wa aflatoxin, woononga chiwindi, yemwe satha ngakhale mukazinge kapena musinje.

Bunda yakhala pafupi nafe kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ili pansi pa Yunivesite ya Malawi, kufikira idaima payokha mu 2012. Maganizo athu ndi akuti sukulu yoyendetsedwa ndi misonkho ya Amalawi iyenera kudziwika ndi anansi ake poyamba. Tidazolowera alendo ofufuza ochokera kutali amene amatifunsa mafunso tsiku lonse, n'kulemba, n'kupita osabweranso ndi yankho. Ana athu awa adachita mosiyana. Adayamba kwa a mfumu, adayenda ndi alangizi a boma m'malo mowalambalala, adalankhula Chichewa, ndipo atatenga chimanga kukayeza adabwera kudzatiuza chimene apeza, khomo ndi khomo. Adamveranso amayi athu pa nkhani ya mbewu za makolo zimene zimapirira anankafumbwe chifukwa cha njere zolimba.

Tikuthokozanso mafumu athu chifukwa cha bwalo, ndi amayi amene adaphikira alendowa m'nyengo imene ufa udali wowerengera.

Pempho lathu kwa akuluakulu a sukuluyi ndi loti maphunziro otere azichitika mu March kapena kumayambiriro kwa April, chimanga chisanachoke kumunda, ndipo makalabu a midzi yakutali ndi msewu aziitanidwa nawo.