Zikomo nonse, pikapu ija yatuluka ku galaja

Abale ndi alongo, pikapu ija ndakaitenga, ndipo ndati ndithokoze poyera chifukwa ambiri a inu munandiimbira mutaona chithunzi chimene ndinaika pano mtima uli kuwawa. Kwa amene simunamve, Hilux imene ndagula chaka chino, imene ngongole yake ndikubwezabe ku banki, inakalika ku Malangalanga. Ndinaimika kuti ndigule matumba a mtedza, mnyamata wina akudutsa ndi ngolo ya malata, ndiye ngodya ya lata limodzi inayenda kuyambira pachitseko chakumbuyo mpaka pabodi, pamwamba pa tayala. Chitsulo chimachita kuonekera.

Ndiyambe ndi inu bambo eni malata aja. Anthu anali ataunjikana kale, aliyense akuweruza mlandu monga timachitira m'tauni muno, mnyamatayo akungonjenjemera. Mukanatha kuima patali ngati simukumudziwa. Koma munabwera nokha, munavomera kuti katunduyo ndi wanu ndipo mwanayo munamutuma ndinu, ndipo mbali ya ndalama imene tinagwirizana munabweretsa pa tsiku lake osadikira kuti ndikukumbutseni. Mulungu akudalitseni, nyumba mukumangayo muimalize bwino.

Alamu anga a ku Area 25, zikomo pondikhazika pansi pa nkhani ya inshuwalansi. Ndinu munandifotokozera kuti ngakhale galimoto ili pa comprehensive, inshuwalansi imene imalipira ngakhale galimoto yako yomwe ikaonongeka, pamafunika lipoti la apolisi, komanso pali ndalama ya excess imene mwini galimoto amalipira yekha kampani isanaikepo yake. Titawerengera, tinaona kuti pa ntchito ngati iyi kuli bwino kungokonzetsa tokha. Zikomonso chifukwa cha kalole kanu. Mtedza wa ku Mitundu sukanafika ku Kanengo pa nthawi yake popanda inu.

Amene munandilangiza za mankhwala otsukira mano, za kyuteksi ndi za kansalu kena kamene akuti kamafufuta chilichonse, sindikukunyozani, munandifunira zabwino. Koma kuthokoza kwanga kwakukulu kukupita kwa bambo wina wachikulire wopopera penti ku Biwi, amene anandiuza zoona tsiku loyamba lomwelo. Anayendetsa chikhadabo pamzerepo, chikhadabo n'kukodwa, basi anapukusa mutu. Anandifotokozera kuti penti ya galimoto ili m'magawo: pamwamba pali clear coat yonyezimira ija, pansi pake mtundu weniweniwo, kenako pulayima, kenako chitsulo. Polishi amathandiza pamene pakalika pamwamba pokha. Pamene chitsulo chaonekera, kupukuta kumangowalitsa m'mphepete koma dzimbiri likulowa, kenako limayenda pansi pa penti n'kuyamba kuitukumula. Ndiye poti uno ndi Okutobala, chizimalupsa chikhoza kugwa tsiku lililonse, anatsuka malowo n'kupakapo pulayima nthawi yomweyo, tisanagwirizane n'komwe za mtengo.

Chimene chinawadyera nthawi ndi mtundu. Ine ndimati siliva ndi siliva basi. Anatsegula chitseko n'kundionetsa kachikwangwani kamene Toyota imalembapo nambala ya penti, ya zilembo zitatu, ndipo ndi imene anapita nayo kwa osakaniza penti. Komabe sanaikhulupirire nambalayo payokha. Anayamba wapopera pa kachitsulo kapadera, n'kukagundiza pagalimoto padzuwa, akuyang'ana chakutsogolo ndi cham'mbali. Akuti mu siliva muli tizidutswa ta aluminiyamu, ndipo mmene tagonera zimatengera mphamvu ya mpweya ndi dzanja la wopopera, n'chifukwa chake mumaona galimoto zina mumsewu chitseko chimodzi chikuoneka chakuda kuposa chinzake. Choncho mtunduwo anaumwaza pang'onopang'ono kuti usungunukire mu penti yakale, koma clear coat anapopera chitseko chonse ndi mbali yonse ya bodi. Apa mpamene ndinamvetsa chifukwa chake mtengo wawo unali wokwererapo kuposa wa anyamata ena amene anandilonjeza kuti amaliza madzulo omwewo.

Anyamata awo a pagalajapo nawonso ndisawaiwale. Ndiwo anapala m'mphepete mwa mzerewo ndi sandipepa mpaka posalala, kuikapo fila (phala lodzazira malo olowa m'kati) pang'ono pamene lata linapinda chitsulo, kumata mapepala pamagalasi ndi pazogwirira zitseko. Ndi fumbi la Lilongwe la nyengo ino, amalawira m'mamawa mphepo isanayambe, kuthira madzi pansi ponse kuti fumbi lisauluke n'kukakamira pa penti yaiwisi. Penti itauma anadutsanso ndi sandipepa wosalala kwambiri wonyowetsa, kenako polishi. Tsiku lopopera, magetsi anazima kompuresa isanadzaze mpweya, ndiye zikomo kwa achimwene owotcherera a pafupi pomwepo amene munabwereketsa jenereta yanu, ntchito yanu n'kuima.

Amayi anzanga a banki m'khonde, ndalama zanga zonse zinali mu katundu, ndipo munandipatsa ngongole osandifunsa mafunso ambiri. Ndibweza pa tsiku lathu. Bambo a ana anga, zikomo pondipirira. Ndikudziwa kuti masiku amenewo nsima sinkakoma pakhomo, ndipo nkhani inali imodzimodzi m'mawa ndi madzulo.

Malangizo amene ndapatsidwa ndi akuti kwa mwezi wathunthu ndizitsuka ndi madzi ndi nsalu yofewa basi, osapaka wax, chifukwa penti imakhala ikuumabe m'kati. Akutinso ndisamaimike pansi pa mtengo pamene pamagona mbalame, poti zitosi zimadya penti yatsopano. Ndiye anyamata otsuka galimoto m'tauni, mukandiona ndikukana musadandaule, si mwano.

Mnyamata wa ngolo uja tinakumananso, ndipo Loweruka likubwerali tikupita limodzi ku Mitundu, akandithandize kukweza matumba. Amene mwakhala mukufunsa za galajayi, ndilembereni ku inbox ndikulozereni njira. Bambowo akana kuti ndilembe dzina lawo pano, akuti galimoto zimene zikudikira pabwalo pawo n'zambiri kale ndipo akufuna azimalize mvula isanayambe.