Ndasankha sola ntchito yake isanatuluke

Ambiri a ife amene tinaphunzira zamagetsi timadikira kuti ntchito ituluke m'nyuzipepala kapena pa gulu la WhatsApp. Ikatuluka ndiye mpungwepungwe: kufotokopetsa masatifiketi, kukonza CV usiku, kukasiya envulopu kwa mlonda pageti. Kukakhala zii, timadikira ina. Moyo wotere sindiufuna, chifukwa tsogolo lako limakhala m'manja mwa munthu amene sakukudziwa n'komwe.

Zidziwitso za ntchito ndimaziwerenga ndithu, koma ndi kope pambali. Ndimalemba zimene mabwana akufuna mobwerezabwereza, ngakhale pa ntchito zimene panopa sindingayerekeze kufunsira. M'kopemo mawu a sola ndi amene achuluka: kuika mapanelo, ma inverter (zipangizo zosandutsa magetsi a m'batire kukhala onga a m'nyumba), mabatire a lithium, mapampu a madzi oyendera dzuwa.

Sizodabwitsa. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi 130 MW, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira. Ku Salima kuli kale malo opangira magetsi a dzuwa a 60 MW, ku Golomoti a 20 MW okhala ndi mabatire. Komabe maso anga sali pa malo akuluakuluwo. Ali pa zipatala zakumudzi, minda yothirira, magolosale ndi nyumba za anthu, kumene munthu amagula panelo pamsika, n'kulumikiza ku batire la galimoto popanda charge controller (kachipangizo koteteza batire kuti lisatchajidwe mopitirira muyezo), pakatha miyezi yochepa batire lija lafa.

Apa ndi pamene maphunziro anga afika, ndipo akundikoma. Kasitomala akati, "Amisiri, ndikufuna mababu asanu ndi TV," suyamba ndi kutchula mtengo. Umakhala naye pansi n'kuwerengera. Mababu 5 a 10 W kwa maola 5 ndi 250 Wh (mawati kuchulukitsa ndi maola). TV ya 60 W kwa maola 4 ndi 240 Wh. Zonse pamodzi 490 Wh, zimene pa batire la 12 V ndi pafupifupi 41 Ah, muyezo wa magetsi amene batire limasunga. Poti batire la asidi silifunika kulitsitsa kupitirira theka, pamafunika la 100 Ah, osati kabatire kamene iye anali atakaona kale kotchipa. Panelo nalo liyang'ane kumpoto, popeza tili kummwera kwa equator, ndipo lipendekeke pang'ono kuti mvula izitsuka fumbi. Amisiri ambiri amadumpha masamu amenewa, ndipo zimandipweteka, chifukwa amene amaluza ndi mayi amene anagulitsa chimanga kuti ana aziwerenga usiku.

Mapepala nawo ndawaika mundondomeko: satifiketi ya umisiri wa zamagetsi kaye, kenako chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira zamagetsi ndi mafuta, kuti ntchito yanga izivomerezeka. Loweruka ndimatsatira mmisiri wina wachikulire amene wakhala akuika mapampu kwa zaka zambiri. Malipiro ake ndi ochepa, anzanga amati ndikudyeredwa masuku pamutu, koma kumeneko ndi kumene ndinaonera koyamba mmene amayezera kuya kwa madzi mumjigo asanasankhe pampu. Ntchito iliyonse tikamaliza ndimaijambula, n'kulemba kukula kwa sisitemu ndi vuto limene tinalipeza.

Mwezi wamawa ndiyamba za mabatire a lithium, makamaka kakhazikitsidwe ka inverter kuti izigwirizana ndi BMS, kachipangizo koyang'anira ndi kuteteza batire.