Mkango wa mu thirela uja

Shifiti ya lero yandisiya ndi mutu waukulu, bola ndilembe kaye mwina tulo tibwera. Cha m'ma 2 koloko masana, dzuwa la ku Karoo likuswa mtengo, pa galaji pathu pano pa msewu waukulu wa N1 panaima mathiraki a sekasi kudzathira dizilo. Amachokera cha ku Cape Town, ndipo kuchoka kumeneko kudzafika ku Beaufort West kuno ndi makilomita oposa 450. Chinayamba kundipeza ndi fungo, mkodzo wokhawokha. Thirela ina anali atatsegulako pang'ono chitseko cha m'mbali kuti mulowe mphepo, ine n'kusuzumira, mkango! Waumuna, manyenje ake bii, ukungoyenda kukafika kukhoma n'kutembenuka, kukafika kukhoma lina n'kutembenukanso, pakamwa pali yasa, wefuwefu. Unandidutsitsa maso ngati palibepo munthu.

Dalaivala wake anali madala ena a ku Harare, makolo awo anachokera ku Dedza kalekale, Chichewa chawo chosakaniza ndi Chishona. Anandimva ndikuyankha foni ndiye anati "achimwene, ndinu a kumudzi eti?" Tinapatsana moni bwinobwino, kenako ine osaugwira mtima ndinafunsa kuti madala, chilombochi chamwa madzi koma? Iwo akuti timamwetsa tikaima, mukasiya madzi m'katimo galimoto ikuyenda amatayika, pansi pamaterera. Akuti komanso mkango ndi waulesi, olo kutchire umagona maola pafupifupi 20 pa tsiku, ndiye kukhala mu thirela suona vuto. Zogonazo n'zoona. Koma uwu sunali kugona ayi, ndipo kuyenda kobwerezabwereza kumene kuja anthu osamalira nyama amati ndi chizindikiro choti nyama yasokonezeka chifukwa chotsekeredwa.

Nditawauza zimenezo anaseka mpaka kutsokomola. Akuti "achimwene, inuyo kuno munabwera bwanji? Si pa basi? Mwanza, Tete, Nyamapanda, kudzagona pa mzere pa Beitbridge miyendo itatupa, katundu mpaka m'khosi. Alipo mzungu anakulirirani?" Anthu inu, zinandilowa. Ndinangoti zii, pampu ili m'manja. Yankho linandibwerera iwo atapita kale, nthawi zonse zimatero ine, kuti madala, basi ija ndinakwera ndekha ndi tikiti yanga ndipo pa Park Station, depoti ya ku Johannesburg, ndinatsika. Mkangowu sutsika. Ukafika tauni ina amangokhoma tenti, kuutulutsa kuti udumphe anthu aombe m'manja, kenako kubwerera momwemo, sabata yamawa msewu winanso, chaka chonse.

Ndipo sindikudziwa kuti chandipweteka kwambiri n'chani, mkangowo kapena kuti madalawo sananame za ifeyo.

Zinandikumbutsa Simba, mkango umene unali ku Lilongwe Wildlife Centre. Ameneyu anakhala zaka zambiri mu thirela ya lole ku France kwa munthu wophunzitsa nyama za sekasi, atamulanda anakamusunga kaye ku Belgium, kenako a bungwe loteteza nyama la Born Free anamubweretsa ku Lilongwe mu 2014, n'kudzakhala limodzi ndi Bella, waukazi wa diso limodzi uja wochokera ku Romania. Nthawi imeneyo ndinkaseka kuti mkango wakwera ndege ine ndisanakwerepo. Lero ndaona ndi maso anga mtundu wa khola lomwe anachokamo, kuseka kuja kwandithera.

Mayiko ena anathana nazo izi. Bolivia inaletsa nyama zonse m'masekasi mu 2009, ku England nyama zakutchire m'masekasi oyendayenda zinaletsedwa kuyambira Januwale 2020, ngakhale sekasi ya Ringling Bros. ya ku America, yomwe inkanyamula njovu pa sitima zaka zambirimbiri, inasiya njovuzo mu 2016. Kuno ku Joni n'zololedwabe bola ukhale ndi laisensi pansi pa lamulo la Performing Animals Protection Act, la 1935, tangoganizani, ngakhale analikonzako mu 2016. Ndiye madala aja mwina mapepala awo ali bwinobwino, mwinanso kuposa a enafe.

Madzulo ndamufotokozera mnzanga amene timakhala naye chipinda chimodzi kuti ndikufuna kuimbira a SPCA, bungwe loletsa nkhanza kwa nyama, angokaona kumene akakhome tenti ngati nyamazo zikumwa madzi. Wandiyang'ana ngati ndapenga. Akuti aise, iwe ndi pemiti yako yotsala miyezi yochepayo ukufuna uziimbira maofesi? Nanga akakawachotsa ntchito madala aja, ana awo ku Harare udzawadyetsa ndiwe? Tinakangana mpaka nsima inazizira, iye akuti kwathu mbuzi timazimanga pa keliyala ya njinga mutu uli lende kuchoka kumudzi mpaka kumsika palibe amadandaula, ine ndikuti nazonso n'zolakwika, iye akuti ndiye ukayambe kumeneko.

Nambala ya SPCA ndaisunga mu foni. Mawa ndili ya m'mawa, 6 koloko, ndipo yunifomu sindinachape.