Gross margin, mbuzi ya aneba ndi kabudula wanga

Ine ndimaphunzitsa za ulimi ngati bizinesi pa kakampasi kena ka yunivesite konkuno ku Kasungu, dzina sinditchula chifukwa ntchitoyi ndikuifunabe. Kwa zaka zambiri kaphunzitsidwe kanga kanali kamodzi basi, choko, bolodi, ndi manotsi a mu fayilo yachikasu amene nanenso ndinakopera kwa amene anandiphunzitsa. Ine ndimayankhula, ana amakopera, mayeso akafika amandibwezera manotsi anga omwewo ndi masipelo olakwika. Tinkakhala mwamtendere ndithu.

Zinasokonekera ndi korona. Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 akuluakulu kulikulu anatulukira kuti enafe ngakhale pasiwedi ya imelo yakuntchito sitiidziwa, ndiye anatsegula kaofesi kothandiza malekichala pa kaphunzitsidwe ndi kakonzedwe ka makosi. Ndi anthu abwino, ndisaname. Amakukhalira pansi kukonza kosi kuti a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, akabwera kudzayendera usachite manyazi, amakuonetsa Moodle, pulogalamu ya pa intaneti yoikapo maphunziro, ulendo ndi ulendo osatopa, komanso ali ndi kathumba ka ndalama kothandizira amene akufuna kuyesa njira yatsopano. Kathumbako ndi kamene kanandigwetsa ine.

Chaka chatha anatiitanira wekishopu ya masiku atatu ku Mponela, pajatu nzeru zonse za dziko lino zimaphikidwa m'malojia ku Mponela. Ine ndinatsata alawansi, tisanamizane. Wotiphunzitsa anali mayi wina wa PhD amene tonse timangoti Madamu, ndipo tsiku loyamba lomwelo anatenga kosi autilaini yanga n'kuiponya pa pulojekita pamaso pa anthu. Ndinali nditalemba kuti pomaliza kosi ophunzira adzamvetsa gross margin, phindu limene limatsala mlimi akachotsa zimene walowetsa pa mbewu. Madamu amvekere, "Kumvetsako mudzakuona bwanji bambo, mudzawaswa mutu n'kusuzumiramo?" Holo yonse kufa nalo phwete. Kenako anatitengera pa makwerero a kaphunziridwe a katswiri wina wa zamaphunziro dzina lake Bloom, a 1956, amene anzake anadzawakonzanso mu 2001, pansi pali kungokumbukira, kenako kumvetsa, kugwiritsa ntchito, kusanthula, kuweruza, pamwamba kupanga chako. Akuti ulembe chinthu chimene mwana adzachite iwe ukuona ndi maso, awerengetse, afanizire, atsutse. Ndipo zimene walonjeza, zimene ukuchita m'kalasi ndi zimene udzafunse pamayeso zizikoka pamodzi ngati ng'ombe zapangolo. Zangazo zinali ngati mbuzi zitatu zomasulidwa nthawi imodzi, iliyonse kolowera kwake.

Tsiku lachiwiri inabwera flipped classroom. Akuti anaitchukitsa ndi aphunzitsi awiri a chemistry ku Colorado, Jonathan Bergmann ndi Aaron Sams, cha mu 2007. Umajambula phunziro pa vidiyo yaifupi, ana akaonera kwawo, ndiye m'kalasi mumangobwera kudzakambirana ndi kugwira masamu limodzi. Madamu anati amene ayese apatsidwa kamiyendo katatu koimikira foni, kamaikolofoni kopanira pa kolala, ndi ndalama ya bandulo. Atangotchula bandulo dzanja langa linakwera lokha, ine sindinalitume. Palibe amene anandikumbutsa kuti azungu a ku Colorado aja analibe neba woweta mbuzi.

Loweruka lake m'mawa ndinakonza situdiyo pakhonde lakuseri poti mpamene pamawala bwino. Unali Okutobala, ndipo amene munakhalako ku Kasungu mukudziwa kuti mwezi umenewu ngakhale 7 koloko dzuwa limakhala litayamba kale zamwano. Ndiye ndinaganiza mwanzeru, foni ikutenga kuyambira pachifuwa kukwera, chifukwa chiyani ndizunze miyendo? Kumtunda shati yoyera, tayi yofiira, jekete ya paukwati wa mlamu wanga. Kumunsi kabudula wanga wakale wampira amene anang'ambika kumbuyo kalekale, ndi pata pata. Kumbuyo kwanga ndinamata pepala lalikulu pakhoma, mbali ina ekala ya fodya wa bale, mbali ina ekala ya soya.

Ndinayamba bwino zedi, mawu ngati wa pa wailesi. Ndinafotokoza kuti gross margin ndi ndalama zonse wapeza pogulitsa, kuchotsapo zimene walowetsa chifukwa cha mbewu imeneyo. Kufodya ndinatchula nazale, feteleza, mankhwala, udzu ndi mitengo ya chigafa, aganyu osoka, chiguduli, jeke, mpaka thiransipoti yopititsa mabelo ku okushoni ku Chinkhoma ndi ndalama zimene amadula kumeneko. Ndinakumbutsanso kuti fodya amagulidwa m'madola, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 masamu a mlimi anasintha mbali zonse ziwiri, zogulitsa ndi zogula zomwe. Kenako ndinaloza kamera ndi chala n'kunena mwamphamvu kuti mlimi wanzeru amalemba tambala iliyonse. Pomwepo tambala wathu weniweni, amene anali pansi pa tebulo ine osadziwa, anayankha. Ndinadumpha, ndinatulutsa mawu ena amene mkulu wa mpingo sayenera kuwadziwa, koma foni sindinaimitse, ndinati ndidzadula pambuyo.

Nditabwereza za tambala iliyonse zija, kunamveka mawu kuchokera kukhitchini.

"Bambo a Tadala, mukuyankhula ndi ndani kumeneko?"

"Ndikujambula za kuntchito mayi, chonde pang'ono."

"Oo. Ndamva mukuti mlimi wanzeru amalemba. Soya wanu wa chaka chatha uja munalemba pati?"

Ndinati tikambirana ndikamaliza. Koma mayi a Tadala akaigwira nkhani saitaya, anatuluka ndi chipande m'manja n'kuima pambali pomwe kamera siinkawaona koma kamaikolofoni kanga katsopano kaja, kabwino kwambiri, kankawatola bwinobwino. Anayamba kuwerengera. Mbewu munagula mochedwa pamtengo wokwera. Inokulanti, mankhwala aja osakaniza ndi mbewu podzala, munaiwala m'galimoto ya anzanu mpaka inapsa ndi dzuwa. Aganyu opalira munawalipira ndi chimanga changa cha m'nkhokwe ndipo simunachiwerengere poti si ndalama. Ngolo yotuta kuchokera kumunda ndinalipira ndine ndi ndalama ya banki m'khonde. Kenako munagulitsa kwa mavenda mu Epulo, mtengo uli pansi, chifukwa mumafuna kukonzetsa njinga yamoto. "Nanga ine ndi ana amene tinamenya soyayo masiku anayi mpaka manja kutupa, pa pepala lanulo tili pati? Kapena ndife mvula, timangogwa tokha?"

Ine ndili chete, tayi ili pakhosi, thukuta lili kamukamu, ndikuyang'ana kamera ngati munthu wojambulitsa chiphaso.

Ndiye ngati sizinakwane, mbuzi ya aneba inalowa pa mpata wa mpanda uja ndakhala ndikunena kuti nditseka mawa. Inadutsa kumbuyo kwanga mwaulemu wake, n'kuimirira ndi miyendo iwiri, n'kuyamba kudya pepala langa kuyambira mbali ya soya. Apa ndinaiwala zonse. Ndinadzuka, ndinaithamangitsa kuzungulira tebulo kawiri, pata pata mmodzi anaduka, kenako ndinawerama kutola mwala, msana ndi zonse zili kumunsi kwake nditalozetsa ku foni. Sindifotokoza zambiri, kungoti ng'ambo ija inali itakula kuposa mmene ndinkaganizira. Nditatha ndinabwerera pampando, kukonza tayi, kupukuta nkhope, n'kunena modekha kuti, "Tsono monga ndimanena."

Madzulo Tadala anandithandiza kudula, inatsala mphindi 8 zaukhondo, bambo wolemekezeka akuphunzitsa. Vuto mafayilo awiriwo anali ndi mayina ofanana, kusiyana kanambala kamodzi kumapeto. Usiku ndinayesa kukweza pa Moodle, netiweki ikungozungulira, ikafika pakati n'kuyambiranso, kenako magetsi anathima laputopu n'kufa. Ndinati basi, ndiponya pa gulupu ya WhatsApp ya kalasi, ndipo ndinatumiza ngati document kuti chithunzi chisawonongeke, mwamva, ndinkafuna aone bwinobwino. Inatenga nthawi yaitali modabwitsa. Munthu wanzeru akanadzifunsa kuti mphindi 8 zikulemera chonchi bwanji. Ine ndinangotukwana netiweki n'kugona.

Lamulungu ndinatsegula foni titatuluka m'tchalitchi. Mauthenga anali mbwee. Ana amene amalira bandulo tsiku lililonse, amene PDF ya masamba awiri amati Sir ndi yolemera, anali atatsitsa mphindi 41 zonse, ena kugawirana pa Bluetooth ku hositelo. Panali kale sitika ya ine nditawerama. Panali ina ya mbuzi itavala tayi. Ndinakanikiza delete for everyone ndi chala chonjenjemera koma kunali ngati kutseka khola mbuzi zili kale m'munda mwa eni. Ndipo nditayang'ana amene aona uthengawo ndinapezapo Madamu, amene ndinawalowetsa ndekha pa gulupuyo sabata yomweyo kuti azitsatira mmene innovation ikuyendera.

Lolemba ndinaganizapo zodwala malungo. Koma linali tsiku lomwe Madamu amabwera kuchokera ku Lilongwe ndi fomu yawo kudzaonerera kalasi, ndiye ndinavala thalauzi lolimba kwambiri limene ndili nalo n'kupita. Kalasi ya anthu 46 imene nthawi zonse imabwera theka inali yodzaza, ena ataima m'mawindo, ena a makosi ena amene sindinawaonepo. Ndinafunsa ndi mawu aang'ono kuti ndani waonera vidiyo. Manja onse m'mwamba, wina awiri.

Ndisanapitirize mtsikana wina wa ku Santhe, amene chiyambire semesita sanatsegulepo pakamwa, anaimirira. "Sir, funso la mayi lija simunayankhe. Thukuta la a pabanja likulowa mu gross margin kapena ayi?" Ndinati mabuku ambiri amalisiya pambali poti palibe ndalama yatuluka m'thumba, koma ena amaliika pa mtengo wa ganyu wa m'deralo. Eee, ndinali ndaponya mwala pa chisa cha mavu. Atsikana onse mbali ya mayi a Tadala. Anyamata ena akuti ukayamba kulipira mkazi wako ndiye banja lasanduka esiteti. Mnyamata wina amene bambo ake anakhalapo tenanti cha ku Chulu anafotokoza mmene chimanga chimene bwana amakupatsa pa chaka chimadzadulidwira fodya akagulitsidwa, ndiye anafunsa kuti ngati bwana wa esiteti amawerengera chimanga, Sir analekeranji kuwerengera cha m'nkhokwe ya mayi? Mapeto ake kalasi rep anatenga choko m'manja mwanga, ine ndinangomupatsa, n'kukonza pa bolodi gross margin ya soya wanga potsatira umboni wa mu vidiyo, mzere ndi mzere, kalasi ikukuwa mitengo. Yankho linatuluka ndi kamzere kutsogolo. Ndinalima ekala yathunthu kuti ndiluze, ndipo anthu 46 ndi a m'mawindo anatsimikiza.

Madamu anali kumbuyo akulemba, nkhope ataibisa mu fomu, mapewa okha akugwedezeka. Titatuluka anandiuza kuti pa zaka zonse akuyendera makalasi sanaonepo ana akukwera makwerero a Bloom liwiro lotero, kusanthula ndi kuweruza tsiku limodzi. Anawonjeza kuti ulendo wina fayilo ndiziipatsa dzina lomveka ndipo ndiziionera kaye ndisanatumize, zimene anati ananena ku Mponela tsiku lachitatu, mwina nthawi imene ine ndinali pamzere wosainira alawansi. Kenako anapempha ngati angakaonetseko kachidutswa pa wekishopu ina. Ndinakana ndi mutu, manja ndi miyendo. Iwo amvekere chabwino, koma mawu okhawo a co-facilitator wanu bwanji?

Ndinalakwitsa kukawauza mayi a Tadala zimenezi. Mpaka lero akufunsa kuti alawansi ya co-facilitator ituluka liti. Pamayeso a semesita ana asanu ndi awiri analemba kuti "malinga ndi mayi a Tadala", ndipo ndinawachonga poti zinali zoona. Akabaza a pa depoti amandiitana kuti a Gross Margin. Kabudula uja pano ndi chokolopera.

Vidiyo yachiwiri ndinajambulira mu ofesi, chitseko chokhoma, thalauzi ndi lamba, mphindi 7 zopanda chilema, ndipo inakwera pa Moodle bwinobwino. Anaonera anthu 9. Ndemanga inali imodzi yokha: "Sir, mayi ali kuti?"