Kope la mlembi wa VDC ndi lipoti la khonsolo

Temu ino, pa maphunziro anga a chitukuko cha m'madera, tinapatsidwa ntchito yoona mmene khonsolo imaunikira zomwe yachita m'chaka ndi kusankha zoti iyambe nazo chaka chotsatira. Ine ndinasankha kwathu ku Mangochi, boma lomwe pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni.

Papepala njira yake ndi yomveka. Lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu, zonse za 1998, zimafuna kuti chitukuko chiyambire kumudzi. Komiti ya chitukuko ya kwa agulupu, VDC, imalemba zosowa, komiti ya chitukuko ya dera lonse, ADC, ya kwa T/A, kaya ndi kwa Mponda, Jalasi kapena Nankumba, imasankhapo, akuluakulu a nthambi za boma amaziunika, kenako khonsolo yonse imavomereza. Kumeneko makhansala amavota, mafumu amakhalapo koma savota. Nayonso khonsolo imayesedwa chaka ndi chaka pa kawuniwuni wa kagwiridwe ka ntchito ka makhonsolo wotchedwa LAPA, ndipo zotsatira zake zakhala zikukhudza ndalama zomwe imalandira ku pulojekiti yothandiza makhonsolo ya GESD.

Izi ndinaziloweza mosavuta. Zomwe zandikhala mumtima ndinazipeza m'kope la mayi wina, mlembi wa VDC, lachikuto cholimba, lomangidwa ndi kalegeni, masamba oyambirira atachita mathothomathotho ndi mvula. Tsamba lina linali ndi zinthu zitatu: mjigo, nyumba ya aphunzitsi, ndi kamlatho pakhwawa lomwe ana amalephera kuwoloka dzinja. Nditatembenuza kufika chaka chotsatira, mjigo unali utakhwatchidwa poti unakumbidwa, koma ziwiri zija zinalembedwanso mawu ake omwewo. Ndinawafunsa ngati anauzidwa chifukwa chake. Anandiyankha kuti iwo amangotumiza, ndipo anthu akawafunsa pamsonkhano wam'mudzi amasowa chonena, mpaka ena amaganiza kuti komiti ndiyo idadya ndalama.

Lipoti la pachaka limawerenga zomwe zamangidwa: midadada ya sukulu, zitsime, mashedi a pamsika. Kope lija limasunga zomwe anthu anapempha. Kwa ine kawuniwuni woona ndi woika ziwirizi pamodzi, n'kunena poyera kuti ichi chinatheka, ichi chakanika chifukwa ndalama zinachepa, ichi si cha khonsolo. Chachitatuchi n'chofunika kwambiri kuno. Msewu waukulu ngati wa ku Makanjira uli m'manja mwa bungwe loona za misewu la Roads Authority, koma wokwera kabaza amangodziwa khansala wake. Munthu akauzidwa kuti ayi, n'kumufotokozera chifukwa, amamvetsa. Akangosiyidwa m'malere amaleka kubwera kumisonkhano, ndipo zosankha za chaka chotsatira zimatsalira anthu ochepa okhala pafupi ndi tauni.

Nthawi nayonso imavuta. Chaka cha ndalama za boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, choncho zokonza bajeti zimagwera m'dzinja, anthu ali kalikiliki kumunda, misewu yafumbi itaterera. Tisaiwalenso kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala, ndiye chizolowezi chofunsa khonsolo chikadali chanthete, ngakhale lamulo lopereka ufulu wopeza uthenga ku boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020.

Mu ntchito yomwe ndapereka kwa aphunzitsi ndapempha chinthu chimodzi chosafuna ndalama zambiri. Kawuniwuni akatha, ADC iliyonse izilandira tsamba limodzi, m'Chichewa ndi m'Chiyao, losonyeza pempho lililonse la VDC ndi pomwe lafika. Liziwerengedwa mokweza pamsonkhano wa agulupu kuti osatha kuwerenga amve, ndipo lifikenso ku makomiti a asodzi m'madoko a ku Malombe ndi ku Monkey Bay, poti ambiri a iwo amakhala ali panyanja misonkhano ikamachitika.