Pedulo ya kiyibodi ndiyo inakuza shopu yathu ku Ulongwe

Shopu yathu ili ku Ulongwe, m'boma la Angónia kuno ku Mozambique, ndipo ine ndi mng'ono wanga tinayiyamba pokonza mawailesi ndi zokuzira mawu za m'matchalitchi. Makiyibodi anabwera okha, chifukwa amene amanyamula zokuzira mawu ndi anyamata omwewo oyimbira kwaya. Kuno mpingo uliwonse umafuna kiyibodi, kuyambira a Reformada, a Katolika a ku Lifidzi ndi ku Dómuè, mpaka timipingo tating'ono ta ku Tsangano timene timayatsa zida ndi sola. Chimene chinatidabwitsa n'chakuti ambiri sankadandaula za kiyibodi yeniyeniyo. Dandaulo linali la pedulo, ija imene woyimba amaponda kuti mawu apitirire kulira atachotsa zala.

Amafika atatopa ndi ulendo wa chapa (minibasi), mawu ake ali amodzimodzi: "Achimwene, pedulo yapenga. Ndikaponda mawu akuduka, ndikasiya akungolira osaleka." Ena amabwera ndi ndalama za chopereka m'thumba, atumidwa ndi abusa kuti akagule ina. Nthawi zambiri pedulo yotereyi imakhala ilibe vuto lililonse.

Mkati mwa pedulo wamba mulibe zambiri, ndi swichi chabe, waya ndi pulagi ya mamilimita 6.35. Koma maswichiwa alipo a mitundu iwiri. Ina imakhala yolumikiza ikangokhala, n'kudula mukaponda. Ina imakhala yodula, n'kulumikiza mukaponda. Mapedulo a Yamaha monga FC5 ndi FC4A, komanso a Roland, ndi a mtundu woyambawo, pamene a Casio monga SP-3 ndi a mtundu wachiwiri. Palibe amene analakwitsa, kampani iliyonse inasankha njira yake. Koma kwathu kuno kiyibodi imachokera ku Tete kapena ku Johannesburg ndi wachibale, pedulo n'kugulidwa padera ku Lilongwe kudzera pa Calómuè ndi Dedza, ndiye ziwirizi zimadzakumana koyamba pa guwa Lamulungu m'mawa.

Pali china chimene chimasokoneza anthu kwambiri. Makiyibodi ambiri a Yamaha, monga a PSR, amayang'ana mmene pedulo ilili panthawi imene mukuyatsa, n'kutenga kuti umenewo ndiwo mkhalidwe wake wosapondedwa. Ngati phazi linali pa pedulo poyatsa, kapena mwalowetsa pulagi kiyibodi ili kale yoyaka, zonse zimatembenuka. Ganizirani tsono magetsi akazima pakati pa nyimbo n'kubwereranso, woyimba n'kuyatsa mofulumira phazi likadali pomwepo. Mankhwala ake ndi kuzimitsa, kulowetsa pulagi mpaka kumapeto, kuchotsa phazi, n'kuyatsanso. Basi.

Apa ndi pamene ine ndi mng'ono wanga tinakhala pansi n'kugwirizana kuti ntchito yotere sitidzalipiritsa, ndiponso sitidzagulitsa pedulo kwa munthu amene yake ili bwino. Ndalama za kwaya timazidziwa kumene zimachokera, ndi amayi amene agulitsa mbatatesi ndi nyemba kuti asonkhe. Kuwatenga ndalama chifukwa chozimitsa ndi kuyatsa kiyibodi, mtima wanga sungalole. Anthu omwewo ndi amene anatifalitsira mbiri, ndipo kiyibodi ikawonongekadi amabwera nayo kwa ife.

Kuwonongeka kwenikweni kulipo ndithu. Choyamba ndi waya. Oyimba amakulunga waya mothinitsa pa pedulo akamaweruka, ndiye amaduka mkati pafupi ndi pulagi kapena pamene akulowera m'pedulo, kunja akuwoneka wabwinobwino. Timayika multimeter, kachida koyezera magetsi, pa pulagi, n'kumaponda uku tikugwedeza waya. Ikamalira modukizadukiza tadziwa pamene pali vuto, timadula pamenepo n'kuwotcherera pulagi yatsopano. Chachiwiri ndi fumbi. Matchalitchi ambiri pansi pake ndi pozira, ndipo m'miyezi ya chilimwe fumbi limalowa mu swichi mpaka imaleka kugwira. Imeneyi timangotsegula n'kuyeretsa. Chimene chimatenga nthawi ndi bowo lolowetsamo pulagi kumbuyo kwa kiyibodi. Munthu akapunthwa pa waya, bowolo limagwedezeka n'kusiyana ndi bolodi ya mkati, ndiye pamafunika kumasula kiyibodi yonse. Apa mng'ono wanga ndiye ali ndi dzanja lofatsa, ine ndimangomugwirira nyali.

Komanso tisanamasule kanthu timayang'ana ngati pulagi yalowa m'bowo loyenera, chifukwa pa makiyibodi ambiri la mahedifoni ndi la pedulo ndi ofanana kukula ndipo amakhala moyandikana. Pa makiyibodi akuluakulu ntchito ya pedulo imasinthidwa mkati, mwina mwana wa kwaya anayisintha kuti iziyambitsa ng'oma, mwiniwake osadziwa.

Masiku ano kwayamba kubwera mapiyano a digito, makamaka ndi achinyamata amene aphunzira kuyimba ku Tete ndi ku Beira. Ena mwa mapiyanowa amamva kuponda kwatheka, ndipo amafuna pedulo monga FC3A ya Yamaha imene pulagi yake ili ndi mizere iwiri yakuda m'malo mwa umodzi, chifukwa mkati mwake muli kachida koyeza kuti mwaponda kufika pati. Mukayiyika pa kiyibodi yongodziwa swichi, mwina sigwira konse kapena imachita zosadziwika bwino, ndipo za makampani osiyana kawirikawiri sizimvana ngakhale pulagi ikulowa. Mapedulo amene amabwera atatu ophatikizana ndiye ali ndi pulagi yawoyawo, yoyenera piyano imene anawapangira. Amenewa timauza munthu mosabisa kuti ayitanitse enieni a piyano yakeyo, ife sitingapange.

Amene timasunga m'shopu ndi mapedulo okhala ndi kaswichi kotembenuzira pansi kapena pambali, monga M-Audio SP-2, chifukwa amagwira pa Casio ndi pa Yamaha pomwe. Kwa mpingo umene umabwerekana zida pa maukwati ndi pa misonkhano ya chigawo, imeneyi ndiyo timalangiza. Koma ngakhale iyoyo sitigulitsa mwachimbulimbuli. Amene angathe timawapempha kuti abwere ndi kiyibodi, tiyese pamodzi asanalipire. A kutali monga ku Macanga ndi ku Chifunde amatitumizira pa WhatsApp chithunzi cha kumbuyo kwa kiyibodi, pamene pali dzina ndi nambala yake, ndi chithunzi cha pulagi.

Chaka chino tatenga mtsikana mmodzi wa kwaya ya kwathu kuti aphunzire ntchito. Wayamba ndi kuwotcherera mapulagi, ndipo mapedulo onse amene afika tsopano amayamba adutsa m'manja mwake asanafike kwa ife.