Mtovu wobisala m'dothi limene ana athu amasewerapo

Ndikaona ana akusewera m'fumbi m'mbali mwa msewu wa M5 kuno ku Salima, ndimakumbukira wasayansi wa ku America, Howard Mielke, amene anatha zaka zambiri akuyeza dothi la m'mizinda ya Baltimore ndi New Orleans. Iye anapeza kuti mtovu umene unkatuluka ndi utsi wa petulo unatsalira m'dothi, makamaka pakati pa mzinda pamene pamadutsa magalimoto ambiri, ndipo ana akumeneko ankapezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi.

Mtovu suwola. Petulo wokhala ndi mtovu anasiya kugulitsidwa padziko lonse mu 2021, koma mwana akaika zala zafumbi m'kamwa, poizoniyo amalowabe m'thupi n'kuwononga ubongo. Chimene chimandidetsa nkhawa kwathu kuno ndi mabatire akutha a galimoto ndi a sola, okhala ndi mtovu m'kati mwake, amene anthu amaswera pabwalo pomwe makanda amakwawa.